Asilikali Achuluka M'magazi Mwanga

Lolemba

Ndabwerako ku chipatala. Ulusi wa pamimba achotsa. Kapamba wanga uja, amene anaphulika nditagwa pa bogi ya malasha ku njanji, sindikumusowa n'komwe. Koma a Moyo, omasulira a dokotala, akuti m'magazi mwanga achuluka kwambiri asilikali oyera, aja olimbana ndi matenda. "Mubwerenso Lachisanu, baba." Basi! Osamwetulira n'komwe.

Asilikali sachuluka popanda nkhondo. Taonani a ku Makokoba kuno amene atengedwa kukamenyana ndi Majeremani. Ndikufa ine. Chabwino, koma ndife mwadongosolo, osati ngati nkhuku ya chitopa. Zoti ndichite:

kugawa katundu,
kusankha nyimbo za pamaliro,
kudya pang'ono, monga ayenera wodwala.

Lachiwiri

Ndawauza amake Esinati. Andigwira pachipumi, andiyang'ana m'maso. "Munthu wakufa amapempha nyemba kawiri?" Andiikira lichero la mtedza pamiyendo kuti ndizisenda podikira imfayo. Mkazi wouma mtima!

Kenaka ndikuwamva kuseri kwa nyumba akufwenthera. Akuti ndi utsi. Moto sanakoleze.

Kudya pang'ono kwalephereka. Mtedzawo ndikuthera m'kamwa.

Lachitatu

Tsiku logawa katundu. Alamu anga a Zuze afika ndisanawaitane. Ndikungoti, "Alamu, chikhoto changa chija..." iwo avala kale! Chikuwakwana bwino kuposa ine, ndipo zimenezi zikundiwawa kuposa bala.

MaNcube, woyandikana nafe, wasuzumira pakhomo. "Hawu bantu! Nanga njinga ija ipita kwa yani?" Amake Esinati ailowetsa m'chipinda, akhoma, kiyi amanga kunsonga ya nsalu. Akuti kugawa kwathera pomwepo.

Lachinayi

Abwera akwathu a ku Nyasaland, a bungwe lathu loikana maliro, kudzaphunzira nyimbo. Zayamba bwino. Posakhalitsa mkangano: a ku Dedza akuti mtembo ukwere sitima ukaikidwe kumudzi, a ku Ntcheu akuti uikidwe konkuno, sitima imachedwa, kukutentha. Mtembowo ndili pompo pamphasa, palibe wondifunsa!

Besi akuiphonya. Ndadzuka kuti ndiwaonetse. Ndaimba nyimbo yonse ya maliro anga, mpaka bala kuyamba kuwawa. A tcheyamani akuti, "Mawu ngati amenewa tidzawasowa tsikulo." Tiyi amaliza yense.

Atapita, mantha andigwira enieni. Esinati akugaya chimanga, ndikungomuyang'ana. Ndani adzamuperekeze pa ukwati wake?

Lachisanu

Ndabwerera ku chipatala. Dokotala wandiika kagalasi m'kamwa, wandikanikiza pamimba, wayang'ananso magazi. Akulankhula, a Moyo akumasulira: thupi silikutentha, bala lauma, nkhondo kulibe! Akuti kapamba anali ngati kampu ya asilikali aja. Kampu itachotsedwa, akungoyendayenda m'magazi, n'chifukwa chake akuoneka ambiri. Zimatero kwa ambiri ochotsedwa kapamba. Chachikulu, ndikangomva malungo ndithamangire kuno, osayamba ndagona kunyumba.

Ndafunsa a Moyo chifukwa chimene anakwinyira nkhope Lolemba. Akuti dzino linkawawa. Dzino!

Ndakhala pansi pakhonde la chipatala. Amake Esinati andigwira dzanja anthu akuona, osachita manyazi.

Loweruka

Kulengeza kuti sindikufa n'kovuta kuposa kulengeza imfa.

A Zuze akuti apita ku mgodi kukaona mnzawo, tsiku lobwera silikudziwika. Chikhoto chapita nawo.
A tcheyamani akuti, "Tathokoza Mulungu," koma nkhope ikuti nyimbo zija taphunzira pachabe.
MaNcube akuti ankadziwa kale.

Amake Esinati akuchapa akuimba. Apha tambala. Ndadya ntchafu zonse ziwiri, palibe wondinena.

Lamulungu

Ku tchalitchi mlaliki walengeza kuti mapemphero a mpingo athamangitsa asilikali m'thupi mwanga. Ndafuna kufotokoza kuti asilikaliwo alipobe, ndiponso ndi anga omwe. Amake Esinati andiponda phazi. Ndangoti "Ameni."

Potuluka ndakumana ndi kapitawo wathu wa ku njanji. Wandigwira chanza mwamphamvu, wakondwa zedi. Akuti popeza ndachira, mawa m'mamawa ndikayambe. Malasha ayi, ndizikasesa pa siteshoni mpaka mimba ilimbe.

Ine amene Lachinayi ankandilimbirana a ku Dedza ndi a ku Ntcheu, mawa tsache m'manja, kusesa makoko a malalanje a anthu apaulendo.

Kaya. Ndisesa.