Keke ya Maapozi Imene Ikukana Kuima

Kwa Bwana Mkulu,
Kampani ya ufa wopanda tirigu, wa m'mapaketi achikasu uja.

Bwana wolemekezeka,

Ndagwira mwendo wanu, mundikhululukire kuti munthu wamba ngati ine, telala wopuma pantchito amene sekondale anaisiyira panjira, ndikukulemberani poyera chonchi. Ndinayamba ndayesa kuimba nambala ili kumbuyo kwa paketi yanu. Palibe anayankha, koma munandiikira nyimbo yokoma kwambiri mpaka foni inazima. Ndikuthokoza. Chimwalirireni mayi a kunyumba kuno, m'nyumba muno munali musanamvekenso nyimbo.

Nkhani yanga ndi yaing'ono, yosayenera kufika pa tebulo lalikulu ngati lanu. Ndili ndi mdzukulu wamkazi, timamutcha Katsabola chifukwa cha pakamwa pake. Adokotala anamuletsa chilichonse cha tirigu, ati muli chinthu chotchedwa guluteni chimene chimamupotokola m'mimba. Kumaphwando a anzake amakhala pambali ndi nthochi m'manja, ena akunyambita zala. Agogo ake aakazi sanapirire nazo zimenezo. Anayamba kumuphikira keke ya maapozi ndi ufa wanu pa tsiku lake lobadwa, chaka ndi chaka. Chaka chino agogo akewo kulibe. Anthu atabalalika pamaliro, mwanayo anandikoka malaya n'kufunsa kuti, "Agogo, ndiye keke yanga aziphika ndani?" Ndinati ine. Tsikulo ndi Loweruka likubwerali.

Muyenera kudziwa kuti pa keke imeneyi ntchito yanga inali yosenda maapozi. Ndinkasenda, kuchotsa njere, kuwadula mopyapyala, kenako ndinkamva, "Tachokani bambo, mukunditchinga kuwala." Ndinkabweranso nthawi yodya. Choncho chiyambi ndimachidziwa, mapeto ndimawadziwa. Za pakati ndinadalira inu, ndipo ndaona kuti n'kusowa ulemu kusakuthokozani mwandondomeko.

Choyamba, ndikuthokozeni chifukwa cha malangizo anu aafupi. Makampani ena amatopetsa anthu ndi mawu ambiri. Inu munangolemba kuti, "Sakanizani zonse mpaka zioneke bwino, mayi aliyense akudziwa." Ndinawerenga kawiri. Ndinayang'ana kumbali kwa uvuni, ndinayang'ana pampando wa pazenera. Mayi panalibe. Koma limenelo si vuto lanu, bwana, simukanadziwa.

Chachiwiri, ndikuthokozeni chifukwa cha fungo. Keke yoyamba inatuluka yofiirira bwino, maapozi atagona pamwamba mwaulemu, fungo la sinamoni litadzaza nyumba yonse monga kale. Ndinakhala kaye pansi pang'ono. Nditadzuka n'kuikhudza ndi mpeni, inagumuka yonse ngati thabwa lodyeka ndi chiswe. Theka linatsala m'chitini, theka linapita pansi. Sindinkadziwa kuti paketi imodzi ingaphunzitse munthu kuphika ndi kusesa nthawi imodzi. Nkhuku za aneba anga zanenepa mwezi uno, ndipo zikandiona ndi tsache zimathamangira kumpanda. Eni ake anati ndikupatseni moni.

Yachiwiri ndinawonjezera mazira, poganiza kuti agwirizanitsa zinthu. Inatuluka yolimba ngati chidendene cha nsapato. Aneba omwewo, amene ndi amisiri omanga nyumba, anaigogoda ndi chala n'kunena kuti, "Madala, mukaumba zokwana chikwi mundiuze, ndili ndi khoma likudikira." Yachitatu ndinachepetsa mazira, inabwerera ku mchenga. Pa ntchito yathu ya utelala chinthu chikamasuka timachisoka. Sindikubisirani, bwana, singano ndinaiyang'ana ndithu.

Chachitatu, ndikuthokozeni pondiphunzitsa kudzichepetsa. Ndinayamba kuganiza kuti cholakwika chili mwa ine. Ndinatulutsa mbale ya malemu, yothetheka m'mphepete ija. Ndinatenga supuni yawo yamtengo. Ndinaima pamalo pamene ankaima, kuyang'ana komwe ankayang'ana. Tsiku lina ndinavala ngakhale epuloni yawo ya maluwa, ndipo aneba atasuzumira pazenera anabwerera osanena kanthu, chimene kwa iwowo n'chachilendo. Mwana wanga wamkazi, mayi ake a Katsabola, atandipeza ndili mbuu ufa mpaka m'nsidze anati, "Adadi, musadzivutitse. Manja a amayi anali ena. Tingomugulira zipatso tiikepo kandulo." Ananena mwachikondi, ndipo ndinamukhulupirira. Manja a mayi ake analidi ena.

Chachinayi ndiye chachikulu. Dzana ndinapitanso kukagula ufa wanu. Mayi wa pakauntala, amene ankadziwana ndi malemu, anandiyang'ana n'kunena kuti, "Agogo, mwatsegula bekale osatiuza? Ufa wonse uno mukumaliza ndinu." Nditamufotokozera, anaseka mpaka kugwira shelefu, kenako anasiya kuseka. Anandionetsa mawu ofiira akuluakulu a kutsogolo kwa paketi aja, akuti "Watsopano! Wokonzedwa bwino!" Anati mu ufa wakale munkakhala kale kaufa kena komata, kogwira ntchito ya guluteni kuti keke isamwazike. Mu watsopanowu munakachotsa, ndipo mukukagulitsa pakokha m'kabotolo. Anatembenuza paketiyo, n'kukanda ndi chikhadabo pamene pepala limapindika, pamene makina anu amapaka guluu. Pamenepo panalidi timawu tonga nyerere takuti kuwonjezera chomata n'kofunika. Munalemba ndithu, bwana. Aliyense amene anganene kuti simunalembe, ine ndidzakuikirani umboni.

Ndinafunsa kuti kabotoloko kali pati. Mayiyo anati, "Sikanafike. Akuti kali m'njira." Ndinayenda masitolo ena onse amene miyendo yanga ingafike. Konseko kali m'njira. Njira imeneyi iyenera kuti ndi yaitali kwambiri, ndipo ndikumumvera chisoni dalaivala wanu.

Nzeru zoterezi ine zinandiphonya pa zaka zonse zimene ndinakhala pa makina osokera. Ndikanakhala nazo, bwenzi ndikusoka mathalauza opanda ulusi pamsoko wa kumbuyo, ulusiwo n'kumagulitsa pawokha, thalauzalo n'kulitcha latsopano, lopita mphepo. Ine ndinkangosoka zonse ngati chitsiru. N'chifukwa chake inu muli ndi ofesi, ine ndili ndi tsache.

Pobwerera kunyumba tsiku limenelo sindinadziwe ngati ndiseke kapena ndilire. Munandichotsera mlandu, chifukwa manja anga analibe cholakwa. Koma munandilandanso kanthu. Ndinali nditazolowera kuganiza kuti kekeyo ikukana kuima chifukwa ikuwafuna eni ake, monga mmene zinthu zina m'nyumba muno zikuchitira. Kumva kuti ikungofuna kabotolo kunandiwawa pang'ono. Izi ndangozitchula, si dandaulo.

Dzulo Katsabola anabwera pochokera kusukulu n'kupeza zogumuka zija zili m'mbale. Analawa ndi supuni, anatafuna mosinkhasinkha ngati woweruza, n'kunena kuti, "Kukoma ndi komwe kuja, agogo. Koma pamchenga kandulo siima." Kenako anandiuza kuti waitana anzake a m'kalasi, omwe aja amamuona ndi nthochi. Wawauza kuti kwa agogo ake kuli keke imene iyenso amadya, yodula ndi mpeni, aliyense chidutswa chake chogwira m'manja. Anandifunsa ngati ananama. Ndinati sananame. Apa ndiye ndalonjeza kawiri, ndipo mukuona nokha kuti munthu wa msinkhu wanga sayenera kusiyidwa awiriwiri ndi mwana.

Tsono, bwana, zopempha zanga n'zochepa, ndipo ndikuzipereka nditagwada, ngakhale maondo masiku ano amachedwa kudzuka.

Ngati n'kotheka, timawu ta pansi pa guluu tija mutikweze pang'ono tifike pamene maso a nkhalamba angatione. Mwina tingabwereke malo kwa "Wokonzedwa bwino" uja, amene waima yekha pabwalo lalikulu. Mawu akuti mayi aliyense akudziwa aja muwasiye, ndi abwino. Mungowonjezera mzere umodzi wa malangizo a nyumba zimene mulibe mayi. Tilipo angapo ndithu, ndipo ufa timagula.

Ngati galimoto ya timabotolo ingadutse kufupi ndi kwathu lisanafike Loweruka, iime pang'ono. Ndikufuna kamodzi kokha, ndipo sindikupempha kaulere.

Koma ngati njira ikadali yaitali, musavutike mtima. Ndikukuitanani inuyo kuphwandoko, masana. Mpando wabwino ulipo, wa pazenera, sukhalidwa ndi munthu masiku ano. Keke ndidzaphika ndi ufa wanu watsopano, motsatira malangizo anu liwu ndi liwu, osawonjezera kanthu kamene simunandigulitse. Maapozi adzasendedwa bwino, pamenepo musakayike. Ana akadzaimba n'kumaliza, mwini tsiku atayang'ana mbale ndi anzake onse atazungulira, ine ndidzasuntha, mpeni ndidzaupereka kwa inu monga mlendo wolemekezeka. Mudzadule ndinu, bwana. Katsabola akadzafunsa funso, mudzayankhe ndinu.

Ine wanu wodzichepetsa, wogula wokhulupirika,

Agogo ake a Katsabola,
wosenda maapozi.