A Boaz Thole, Munthu Woyankha Zidziwitso

Malemu a Boaz Thole anali ndi nthenda imodzi imene ngakhale madokotala a m'Chipata muno sakanaipeza m'mabuku awo: ankayankha zidziwitso za boma. Inu ndi ine tikaona pepala litamatidwa pakhoma la ofesi timaliyang'ana mmene mbuzi imayang'anira basi, kenaka n'kumapita. Iwo ayi. Pepala likangoyamba ndi mawu akuti "Kwa anthu onse", ankavala magalasi, n'kuliwerenga kawiri, n'kunena kuti, "Ine ndine munthu. Andilembera kalata. Kusayankha kalata ndi mwano."

Anagwira ntchito ya ukalaliki zaka makumi atatu pa sukulu ina ya mishoni, ndipo atapuma anatsala ndi zinthu ziwiri: dzanja labwino polemba ndi nthawi yambiri. Ofesi ya chitukuko ya wadi yathu, kuno ku Kamtsitsi panjira yopita ku Mtenguleni, ndi imene inalawa zonse ziwiri. Itamata chidziwitso chakuti agalu onse akabayidwe katemera wa chiwewe, m'mawa mwake inalandira envulopu: "Ndalandira kalata yanu ya pa 4 Juni. Ndilibe galu. Ngati n'kofunika ndibwerabe ndekha." Italemba kuseri kwa mpanda kuti OSAKODZA PANO, yankho linali la mzere umodzi: "Sindinali ine, koma ndikumudziwa."

Masiku amenewo zinali zoseketsa chabe. Mkwiyo unabwera ndi mapaipi.

Pakati pa mudzi wathu ndi msewu waukulu pali khwawa. Tinali ndi ulalo wathu wamitengo, woipa m'maso koma wokhulupirika. Njinga yonyamula matumba awiri a mtedza inkawoloka bwinobwino. Chaka china ofesi inamata pepala: ulalowo ndi wangozi, uchotsedwa, m'malo mwake aikapo mapaipi akuluakulu a simenti n'kuthira msewu pamwamba, ntchito itha m'masabata asanu ndi limodzi. Kuchotsa anachotsadi tsiku limodzi lokha, pakuti boma pogwetsa silichedwa. Anakumba dzenje lakuti ng'ombe ikagweramo mumangoona nyanga, natula mapaipi atatu pambali, n'kupita kukadya nkhomaliro. Nkhomaliroyo inatenga zaka zisanu ndi ziwiri.

Mvula yoyamba itagwa, akazi awo a Boaz, mayi Edita, anaterereka potsika m'dzenjemo atasenza dengu la tomato, n'kuthyoka m'chiuno. Kuyambira pamenepo sanayendenso popanda ndodo. A Boaz analembera ofesi. Yankho linabwera, loyamba ndi lomaliza m'moyo wawo wonse wolemba makalata: "Dandaulo lanu talimva, ndipo tikuliona." Pansi pake anasaina bwana wa ofesiyo, a Howard Kangwa.

Tsiku limenelo ndinawapeza a Boaz atakhala pa paipi, kalatayo ili m'manja.

"Aphunzitsi," anatero, pakuti ndi mmene ankandiitanira, "munthu ameneyu munamuonapo atafika pano?"

"Amafika. Amaima tsidya ilo ndi galimoto."

"Amatsitsa galasi, n'kuyang'ana, n'kukweza galasi. Ndiko kuona kwakeko. Ine sindikufuna chipepeso, sindikufuna kalata ina. Ndikufuna nsapato zake zosongoka zija zitsike m'dzenje umu, ziponde pamene Edita anagwera. Ndisanaone zimenezo sindifa. Mukadzamva kuti ndafa, ndiye kuti ndapeza njira ina."

Chida anachipeza msanga. A Kangwa anali Mbemba wa ku Kasama, pamene a Boaz anali Mngoni. Amene simunakhaleko kuno mudziwe kuti anthu a mitundu iwiriyi ali pachimbuya. Makolo awo ankamenyana ndi mikondo. Atatopa anagwirizana kuti azingomenyana ndi pakamwa. Mbuya wako angakunyoze pagulu, angakuthire ufa kumutu, iwe suloledwa kukwiya. Ukakwiya dziko lonse limakuseka. Ndipo maliro akagwa pakhomo pako, mbuyayo ndiye amagwira ntchito zolemetsa, uku akukuseka kuti uiwaleko misozi. Ndi mwambo wachikondi. A Boaz anaunola ngati nkhwangwa.

Lolemba lililonse ankalowa mu ofesi osagogoda.

"Mbuya! Apusi a kwanu ali bwanji? Kapena munawamaliza kudya?"

"Ba Thole, mukwai, ndili pa msonkhano."

"Pitirizani. Ine ndangobwera kudzaona ngati miyendo muli nayo. Kumudzi akuti munabadwa ndi matayala."

A Kangwa ankaseka kuseka kwa munthu amene wameza tsabola pamaso pa apongozi. "Inu odya mbewa simumva. Fayilo ili ku Lusaka. Ine ntchito yanga n'kumata mapepala."

"Ndiye dzamateni padzenje paja, tizidutsa pamwamba."

Mapepala ankamatadi. Chaka chilichonse chilimwe chikamatha ankatulutsa chidziwitso chatsopano chopempha anthu kuti apirire, ntchito ya pakhwawa iyambiranso posachedwa. A Boaz ankatenga chingwe, n'kuyeza dzenje, n'kuyankha: "Chaka chino lakula ndi mapazi anayi. Ndikukuyamikirani. M'wadi muno ndi ntchito yachitukuko yokhayi imene ikukula."

Chaka chachitatu mayi Edita anatisiya. Tonse tinati lero mbuya awoloka, pakuti maliro sakanidwa. Koma a Kangwa anapezeka kuti ali ku wekishopu ya masiku asanu, kutali, kunyanja. Anatumiza dalaivala ndi nkhata ya maluwa apulasitiki. Dalaivalayo atafika pakhwawa anayang'ana matope, nayang'ana thalauza lake, n'kuiponya nkhatayo kuchokera tsidya lina ngati akuponyera agalu fupa. A Boaz anaitola, naipukuta, osanena kanthu. Amene tinkawadziwa tinaopa kwambiri kukhala chete kumeneko kuposa makalata awo onse.

Chaka chotsatira mbuzi yawo inaswera ana awiri m'kati mwa paipi. A Boaz anavala jekete, naika tiana tija m'dengu pa njinga, ulendo ku ofesi.

"Mbuya, ndabweretsa katundu wa boma."

"Katundu wanji?"

"Abadwira m'nyumba ya boma, pamalo a boma. Ine sindifuna kumangidwa chifukwa chosunga chuma cha dziko. Sainani apa kuti mwalandira."

"Ba Thole, chotsani mbuzi pa kapeti!"

"Wamkuluyu dzina lake ndi Howard. Taonani mmene akuopera kuponda pansi."

Pamene ankakangana, make wa tianato, amene anatsatira njinga kuchokera kumudzi akulira njira yonse, anafika pakhonde napeza bolodi la zidziwitso. Anadya katemera wa nkhuku, anadya ndondomeko ya feteleza, anadya theka la msonkhano wa anthu onse. A Boaz anati aka kanali koyamba kuti mapepala a ofesiyo akhutitse wina aliyense m'wadi muno.

Chimene sindidzaiwala ndi tsiku la alendo. Akuluakulu anabwera kuchokera m'tauni kudzamva mmene chitukuko chikuyendera. Msonkhano unachitikira kumsewu, pansi pa tenti, kutali ndithu ndi khwawa kuti alendo asaone zowasokoneza maganizo. A Kangwa, atavala suti yakuda, anawerenga lipoti lakuti ntchitoyo yatsala pang'ono kutha. A Boaz anadzuka modekha, nayenda mpaka kutsogolo, natulutsa kathumba ka ufa woyera, n'kuwakhuthulira wonse kumutu.

Wapolisi anadzambatuka. Mmodzi mwa alendowo, mayi wa kum'mawa kuno, anamugwira mkono akuseka mpaka misozi. "Asiyeni, ndi mbuya wawo!"

"Ndamuyeretsa," anatero a Boaz, "kuti bodza lizionekera patali. Tsopano tiyeni nonse tikaone ntchito imene yatsala pang'onoyo. Mbuya, tsogolani."

Ndinaganiza kuti tsiku lija lafika. Koma a Kangwa anali munthu wophunzira. Anapukuta m'maso, nayang'ana wotchi, n'kukumbutsa alendo kuti chakudya chikuzizira kuhotela. Madalaivala analiza magalimoto. A Boaz anatsala chiimire ndi thumba lopanda kanthu, ndipo tsiku limenelo ndi pamene ndinaona kuti akalamba.

Anamwalira mu Febuluwale chaka chatha, kuchipatala m'tauni, mvula ili pachimake. M'mawa mwake mwana wawo Molly anafika ku ofesi ndi pepala limene bambo ake analemba ali pa bedi, nalikhoma pa bolodi ndi mapini anayi. Mizere yake inali yowongoka:

"KWA ANTHU ONSE. Mukudziwitsidwa kuti Boaz Thole wafa. Adzaikidwa pafupi ndi mkazi wake, tsidya la khwawa. Bokosi lisazungulire njira yakumtunda pa galimoto. Lidutse pamene iye ankadutsa. Kutsogolo, kudzanja lamanja, adzanyamula ndi mbuya wake, Howard Kangwa. Ntchitoyi itha tsiku limodzi."

A Kangwa anawerenga, nayang'ana Molly. "Mwana wanga, khwawa ladzaza. Ndipereka galimoto ya ofesi, muzungulire. Komanso ine mawa ndili ndi wekishopu."

"Atate anati mudzanena zonse ziwirizo," anatero Molly. "Anati ndikufunseni ngati ku Kasama mbuya amathawa maliro kawiri."

A Boaz sanalembe pepala limodzi lokha. Ena mwa Abemba ogwira ntchito m'tauni, namwino, aphunzitsi awiri ndi mkulu wokonza mafoni, anali atalandira makope awo, ndipo ndiwo anamaliza mlandu. Anawauza a Kangwa kuti akakana achititsa manyazi mtundu wonse, ndipo tsiku lawo likadzafika adzadzinyamula okha.

Mudzi wonse unaima mbali ziwiri za dzenje. Sindinaonepo maliro amene anthu anafika msanga chotero. Kwaya inkaimba, koma maso a oimbawo sanali kumwamba. Anali pa nsapato ziwiri zosongoka, zopolishidwa bwino, zimene zinaima pamphepete pa matope.

A Kangwa anayesa kuchita udindo wawo wa chimbuya. "Iwe mdala," anakuwa akugogoda bokosi, "mbewa zonse unadya zija ndiye kulemeraku? Tsika uyende wekha!" Anthu anaseka. Phazi loyamba linalowa mpaka pa akakolo. Lachiwiri mpaka m'bondo. Pakati pa khwawa madzi ofiira anawafika m'chiuno, tayi ikuyandama ngati kansomba, ndipo amayi ena kumtunda anaimba nthungululu, pa maliro, abusa n'kuyang'ana kumbali ngati sanamve.

Kenaka anaterereka. Anagwada ndi bondo limodzi pamwala wobisika, bokosi n'kupendekeka, anzawo asanu onyamula nawo n'kukuwa. Koma sanalitaye. Analigwira ndi phewa ndi tsaya, nadzuka pang'onopang'ono. Kuseka kunatha kokha. Ataimirira anafunsa, osakweza mawu:

"Molly, amayi anagwera pati?"

"Pomwe mwagwadapo."

Anakwera tsidya lina ndi nsapato imodzi. Inayo matope anakana nayo. Kumanda anapempha fosholo, nakwirira mpaka kumapeto phazi limodzi lilibe nsapato, ndipo nthabwala sanaponyenso ngakhale imodzi.

Fayilo ija ya ku Lusaka inapezeka kuti inali ndi miyendo. Mvula itangosiya mathirakitala anafika, ndipo m'masabata asanu mapaipi anali pansi, msewu pamwamba. Sindikunena kuti ziwirizi zikugwirizana. Ine ndine mphunzitsi wopuma chabe, mmene mafayilo amayendera sindidziwa.

Tsopano timawoloka osavula nsapato. Njinga zimadutsa zikuliza belu, palibe amene amaima. Kale pakhwawa paja panali ngati pabwalo: anthu kudikirana, kugwirana manja, kupatsirana makanda ndi madengu, ndipo pa paipi panali mkulu wajekete akulalikira machimo a ofesi kwa aliyense amene akupinda thalauza. Ankatiwerengera machimowo motsatira madeti, ndipo ngakhale wofulumira ankamvera, pakuti munthu amene ali ndi mwendo umodzi m'matope sangathawe ulaliki. Lero ndi msewu basi, wabwino, wachete. Umafika kumsika msanga, koma wopanda nkhani yokauza anzako.

Ena amati tikhululuke, popeza mlatho tinaupeza. Ine ndimakumbukira kuti a Boaz sanaupondepo ngakhale kamodzi, ndi mayi Edita omwe. Amisiri amene anathira simenti anandiuza kuti nsapato ija anaiona itatulutsa mphuno m'matope, ndipo atafunsana anagwirizana zoisiya momwemo. Ili pansi pathu mpaka lero, kudzanja lamanja mukamachokera kumsewu. Ndikafika pamenepo ndimatsika pa njinga n'kupondapo ndi chidendene. Kawiri: kamodzi ka mkulu uja, kamodzi ka akazi awo.