Chinkhwe cha Mayi a Tamanda

Lolemba

Pakamwa panga pandipachika. Tamanda waimba foni kuchokera ku Joni, akuti afika Lamulungu pa basi. Mwana wanga mmodzi yekhayo, amene maliro a mayi ake anawalirira pa foni chifukwa mapepala ake sanali bwino. Akudandaula kuti sanawatsanzike, ine m'malo mongoti pepa ndikuti: "Usalire, mawu a mayi ako alipo. Bwana anawasunga. Udzawamva wekha."

Bwana ndi chinkhwe chathu. Chotuwa, mchira wofiira, mwano wa kondakitala. Mayi a Tamanda anachita kupatsidwa ndi azungu amene ankawachapira zovala, pamene ankabwerera kwawo. Dzinalo anapereka okha malemuwo, akuti wodya osagwira ntchito m'nyumba ndi bwana basi.

Sindinaname kwenikweni. Miyezi yoyamba maliro atachitika, m'mawa uliwonse ankaitana: "Bambo a Tamanda, madzi ali kubafa!" Mawu awo enieni, mpaka kakokedwe ka ku Ntcheu. Alamu anga pondisudzula anatenga zovala, makina osokera, mapoto, ndi foni yomwe munali mawu a mchemwali wawo. Chinkhwe chokha anachikana, akuti mbalame yolankhula ngati wakufa siikwera nawo galimoto. Ine ndinangoti zikomo chamumtima.

Koma chithereni mvula sindinawamvenso. Lero Bwana ali pakhonde kuitanira malonda a eni: "Mankhwala a makoswe, nsikidzi, mphemvu!" Akatopa: "Tauni! Tauni! Watsala mmodzi!" Kawale yense ali m'mutu mwake, mkazi wanga mulibe.

Dongosolo:
- kumuchotsa pakhonde, akakhale kuchipinda kopanda phokoso
- wailesi osatsegula
- mtedza ndi gwafa zikhale malipiro, zaulere zatha
- kumukumbutsa mpaka akumbuke

Sabata yathunthu, mbalame yanzeru ngati imeneyi? Zitheka basi!

Lachiwiri

Khola lili kuchipinda. Bwana wandifulatira. Mtedza akuutaya pansi umodziumodzi, kuyang'ana pomwe wagwera, kenako kuyang'ana ine kuti nditole. Ndikutola. Dzina lija malemu sanalakwitse.

Chimene ndinaiwala: nyumba zathu n'zamdadada, ndipo kuseri kwa khoma la chipinda kumagona mnyamata wa kabaza ndi mkazi wake. Amakangana ngati ndi ganyu. Mkazi: "Unali kuti?" Mwamuna: "Ndinali kuntchito!" Mkazi: "Unali kuti?" Bwana wapendeketsa mutu kukhoma ngati mwana wasukulu wakhama.

Ndamunong'oneza: "Madzi... madzi ali..." Wandiyankha ndi kulira kwa foni yanga. Ndathamangira pabalaza, mwina ndi Tamanda. Palibe woimba. Ndabwerera, wachitanso, ndathamanganso! Akandiona ndikulowa chimanjamanja akuseka. Kusekako ndi kwanga komwe, kwa kale ndisanaferedwe. Bola kukanakhala kwa mayi a Tamanda.

Lachitatu

Nzeru zandibwerera ndikutsuka m'kamwa. Bwana salankhula chisawawa. Munthu akagogoda amati "Lowani." Akaona mbale patebulo amati "Tipemphere." Mawu a kubafa aja ankawanena akamva chidebe. Ndiye ndimupatse chidebe!

Makala pambaula. Madzi m'poto mmodzi yemwe alamu anandisiyira. Kukhuthulira m'chidebe, kuchinyamula mwaphokoso, kudutsa nacho pakhomo la chipinda monga ankachitira mwiniwake.

Bwana zonse wazitsanzira bwino. Chogwirira cha chidebe: kwee! Madzi: khwaa! Ngakhale mapatapata awo pasimenti, phwa phwa phwa, amene ine ndinali nditawaiwala. Kufika pomwe pamayenera kubwera mawu, zii. Watsegula mlomo pang'ono, wayang'ana kukhomo. Akudikira kuti mwiniwake ayambe.

Ndakhala pabedi, chidebe pakati pa miyendo. Mtima ukuwawa, ndisabise.

Ndabwereza mpaka masana. Madzi otentha sangatayike, makala akudula, ndiye ndasamba, ndasambanso, mpaka zala zachita makwinya. Alandilodi akuti: "Achimwene, kapena mwapeza ntchito kubanki?"

Lachinayi

Pakufunika mawu achizimayi. Ndapempha Mai Nachisale, a nyumba yakumapeto kwa mdadada wathu, anzawo a malemu a kumpingo. Nawonso amuna awo anatisiya. Munthu wachifundo, sanavute. Ndawaimika pakhomo la chipinda, chidebe m'manja. "Mukweze mawu, mayi, kuti amve bwino."

Akwezadi. "Bambo a Tamanda, madzi ali kubafa!" Abwereza. Abwerezanso, mokoka ngati a ku Ntcheu.

Bwana wawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kufunsa: "Unali kuti?" Ayandikira kuti amunyengerere ndi gwafa, wawaluma chala. Magazi!

Chinkhwe sichinaphunzire kanthu, koma mdadada wonse wamva. Mzimayi kuitanira bambo wamasiye kubafa, dzuwa likuswa mtengo, m'nyumba ya malemu! Pofika kumpopi kukagula madzi, azimayi onse macheza aleka. Wina kumbuyo kwanga: "Ena sachedwa." Mnzake: "Paja mwamuna ndi kabudula, amathera moyenda."

Ine mutu unali pa mbalame, za anthu sindinaganize n'komwe. Mai Nachisale ndawachititsa manyazi pachabe.

Lachisanu

Za lero:
- Mkulu wa mpingo, jekete pathupi, Baibulo m'khwapa. "Sitikukuletsani, abambo, koma zinthu zili ndi njira yake." Ndafotokoza za chinkhwe. Ndawalowetsa kuti adzionere okha. Bwana wawatsatsa mankhwala a nsikidzi. Pemphero lawo lafupika.
- Alamu anga pa foni kuchokera ku Ntcheu: "Chiliza simunamange, mwayamba kale kusambitsidwa?" Nkhani yafika kumudzi osalipira basi.
- Mai Nachisale adutsa pakhomo nkhope kumbali, chala chomanga ndi kansalu. Moni wanga wagwera pansi.
- Tamanda wakwera kale basi, waimba ali m'njira. "Adadi, ndikungoganiza za Bwana. Ndidzawajambula amayi pa foni kuti ndiziwamvera ndikabwerera." Ndayankha kuti eya. Paja lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane.

Palibenso mzimayi amene angaponde muno. Mphunzitsi watsala mmodzi, ine ndemwe.

Pali chitenje chawo chimodzi chimene ndinabisa kunsi kwa matiresi tsiku logawa katundu. Ndachitulutsa. Ndachiika pamphuno. Fungo lawo linatha kale, chikungonunkha matiresi.

Loweruka

Mawindo otseka. Chitseko chokhoma. Chitenje kumutu, chidebe m'manja, mawu kuwafinya kuti amveke achizimayi. "Bambo a Tamanda, madzi ali kubafa!" Bambo waimvi kudziitanira yekha kubafa. Mwiniwake akanandiona akanaseka mpaka kugwira nthiti.

Koma Bwana akumvetsera! Koyamba sabata ino. Watsika pakamtengo kake, wagwira waya ndi mlomo, diso lili pa ine. Ndamupatsa mtedza, walandira, sanataye.

Chimodzi chandiopsa. Pobwerezabwereza ndazindikira kuti sindikudziwa pomwe ankakweza mawu. Pa "Tamanda" kapena pa "kubafa"? Ndayesa uku, ndayesa uko, zonse zikumveka zabodza. Ndimanyoza mbalame kuti yaiwala, pamene nane akundithawa m'makutu. Zaka zonse zija, m'mawa uliwonse, ndipo lero sindingathe kuwatsanzira mawu ochepa okhawa.

Pakhosi pauma. Ndikamaliza kuitana chifuwa chikundigwira. Sindileka. Chakumadzulo Bwana wayamba kung'ung'udza yekha pansipansi, ngati kwaya ikuyeserera nyimbo yatsopano. Ndamva "bambo a". Ndamva ndithu, makutu anga sakunama! Ndasesa m'chipinda, ndatsuka khola, ndabisanso chitenje. Mawa zitheka.

Lamulungu

Kutchalitchi sindinapite, maso a anthu achuluka. Tamanda wafika masana, miyendo yotupa ndi ulendo. Waonda mwana wanga. Wandikumbatira, zikwama wazisiya pakhomo, walunjika kuchipinda. Wagwada pakhola, foni m'manja. "Bwana, ndabwera. Amayi ali kuti?"

Ndanyamula chidebe. Kwee. Khwaa. Phwa phwa phwa. Ndipo Bwana, mokweza bwinobwino:

"Bambo a Tamanda, madzi ali kubafa!"

Mawu a nkhalamba yodzifinya pakhosi. Kumapeto chifuwa: kho, kho.

Tamanda watembenuka. "Adadi, awatu ndinu." Wayamba kuseka, waseka mpaka wakhala pansi, kusekako n'kusanduka kulira kumene sanakalire kumanda. Bwana wabwereza, ndi chifuwa chomwe. Wayang'ana ine kuti ndimupatse mtedza wake. Ndamupatsa. Ntchito yomwe ndinamutuma wagwira.

Mbalameyi ndikuidziwa, ikagwira chatsopano sibwerera m'mbuyo. Ngati munatsalira kenakake ka mayi a Tamanda m'mutu mwake, ndakafufuta ndine dzulo, chitenje chili kumutu. Mkazi wanga wachoka kachiwiri m'nyumba muno.

Ndamuuza mwana zonse, za Mai Nachisale zomwe. Ndati pepa, ndinakulonjeza chimene ndinalibe. Wapukuta m'maso, wachotsa foni pakhola, waloza ine.

"Nenaniko inuyo, adadi. Mmene mukukumbukira."

Ndanena. Sizikufanana n'komwe. Wajambulabe.