Dashibodi Yowala, Mano Osowa

Lolemba

Nkhani yatsimikizika. Loweruka ndine wonyamula mkwatibwi! Tadala, mwana wa a Nachisale anzanga a kumvano, akukwatiwa ndi mnyamata wa Chitswana wa kumudzi wa Luka, ndipo akufuna kukwera galimoto yathu, woyendetsa ine. Ine amene laisensi ndaitenga ndili ndi imvi, chifukwa maso a a Mbewe atopa. Amayi onse a kuno ku Mooinooi adzakhala akundiyang'ana.

Vuto ndi limodzi: a Mbewe, amuna anga. Chipumireni ntchito kumgodi, dashibodi anaisandutsa ofesi. Lero ndapezapo:

magalasi awiri, onse othyoka mwendo
mankhwala a chifuwa
vuvuzela ya chaka chatha, ya nthawi ya mpira ija
makoko a malalanje ouma ngati zikopa
buku la nyimbo lopanda chikuto
sokosi imodzi (inzake ili kuti?)
timapepala tokwinyakwinya tosawerengeka

Zofunika ndalonga m'jumbo, zotsala zonse mubini. Ndapukuta, ndapopera polishi wa m'chitini, ndapukutanso. Dashibodi ikuwala mpaka ndikudziona nkhope! Iwo akuyang'ana ali chiimire pakhonde. Akuti, "Mayi, galimoto si chipatala." Ine ndikupukutabe.

Lachiwiri

Ulendo wa m'tauni ku Rustenburg kukagula maliboni. Polishi uja ndachulutsa. Dzuwa likamenya dashibodi, kuwala konse kukubwerera pagalasi lakutsogolo, ndikuyendetsa nditatsinzina diso limodzi. Foni ndikaika apa, pokhota ndikuipeza uko. Fumbi la m'migodi nalo lamva kuti kuli mafuta, lamatirira ngati shuga pa donasi.

Palibe kanthu. Ndipukutanso.

Madzulo tikumwa tiyi, a Mbewe funso: "Mayi, mano anga mwawaonako?"

Mano oikirira aja. Pakhomo savala, akuti amawapweteka nkhama. Amavala kutchalitchi ndi podya nyama basi. Akuti Lamulungu pobwerera anawavula m'galimoto, anawakulunga m'kapepala.

M'kapepala!

Lole ya zinyalala yadutsa m'mawa uno. Ndinaiimikira dzanja ndekha kuti asaiwale bini yathu.

Ndayankha kuti, "Mwina ali m'thumba la jekete." Mulungu andikhululukire.

Lachitatu

Ndangokumbukira kumene: a Mbewe ndiwo ankhoswe a Tadala, poti amalume ake enieni ali kumudzi ku Dedza. Loweruka ayenera kuyankhula pamaso pa Atswana onse a ku Luka. Akuyeserera kuchipinda. Ndikumva "thiku la chithangalalo". Mayo ine!

Kadzutsa atangotha, galimoto yaiwona nkhondo. Makapeti onse panja. Mpando wakumbuyo wazulidwa. Aitanitsa Che Jafali, mnzawo wa ku Mangochi wokonza magalimoto, amene wabwera molunjika kuchokera pansi pa lole ya munthu, manja bii. Wachotsa wailesi. Wamasula masikuluwu a pansi pa dashibodi, wasuzumira ndi tochi. Apeza:

chipeso changa chotayika kalekale
mtedza wauwisi, wina utayamba kumera
sokosi inzake ija!

Mano ayi.

Nthawi ya swala itakwana Che Jafali wabwezeretsa zinthu mothamanga. Masikuluwu atatu atsala m'manja. Akuti, "Awa ndi owonjezera, mama, azungu amangoikapo." Pa dashibodi yanga pali zala khumi za girisi, zooneka bwino ngati za kupolisi.

Ine ndikungowapatsa tiyi. Wakuba akutumikira ofufuza!

Lachinayi

Ndaulula. Ndagwada ndithu, pa simenti, bondo likulira. Ndati, "Abambo, mano anu ndinataya ndine."

Atong'ola maso. Kenako: "Hayikhona!" Mawu a kumgodi amenewa amatuluka pokhapokha zinthu zikafika poipa. Akuti zaka zonse pansi pa nthaka mwala sunawachotse dzino ndi limodzi lomwe, anachotsa ndi dokotala, ndipo lero otsalawo achotsedwa ndi mkazi wawo ndi nsanza.

Kwa dokotala wa mano akuti atsopano ndi masabata awiri. Ukwati ndi mkuja.

Ndiye kumtaya! Ee, ine mayi wa mvano, ndaimika galimoto pamtaya wa zinyalala, amuna anga avala majombo a kumgodi akufukula ndi ndodo. Maola awiri. Ntchentche zalowa m'galimoto ngati zalipira. Mano sanapezeke, koma abwera atanyamula:

ketulo yopanda chivindikiro
fani ya mapiko awiri
mpando wa njinga (njinga tilibe)

Akuti ndi zabwinobwino, azungu sadziwa kusamala. Zonse pampando wakumbuyo. Majombo pakapeti amene ndinachapa dzulo madzulo. Sindingayankhule. Wolakwa alibe pakamwa, ngakhale mano ali nawo onse.

Lachisanu

Ndadzuka ndi mtima watsopano. Chidebe, sopo, burashi. Pofika masana m'kati mwayeranso, fungo la kumtaya latsala pang'ono chabe. Ndaimba nyimbo!

Kenako a Nachisale pageti, thukuta lili kamukamu. "Amnzanga, bhaki yotenga katundu yatigwiritsa fuwa la moto. Ulendo umodzi wokha wa ku Luka, chonde." Ndikane bwanji mayi wa mkwatibwi? Talonga:

makabichi thumba limodzi
nkhuku zisanu ndi imodzi, zamoyo
chidebe chachikulu cha thobwa, kuti apongozi alawe zakwathu

Chivindikiro cha chidebe akuti n'cholimba. Hampu yoyamba ya pamsewu, n'cholimba. Yachiwiri, n'cholimba. Yachitatu sindinaione chifukwa cha kuwala kwa dashibodi.

Mpando wonse wakumbuyo wamwa thobwa. Nkhuku imodzi yamasuka, yakwera pa dashibodi, yaterereka kuchoka kumanzere mpaka kumanja, ndipo yasiya umboni njira yonse.

Ndapopera zonunkhiritsa chitini chathunthu. Tsopano m'galimoto mukumveka thobwa la maluwa. A Mbewe akuyesererabe: "Abale athu a Chithwana..."

Loweruka

Maliboni oyera kunja, kukongola! Bola munthu asatsegule chitseko.

Mpando wakumbuyo sunaume, ndiye mkwatibwi wakhala kutsogolo pambali panga, diresi lake ladzaza mpaka pagiya. A Mbewe kumbuyo, pa pulasitiki, avala suti, milomo yalowa m'kati. Ndikuwaona pakagalasi akuyendetsa nsagwada, kubwereza mawu awo. Chisoni chandigwira. Bambo onyada amenewa!

Tikulowa mu Luka, malikhweru ndi nthungululu kutsogolo, bulu uyu pamsewu! Ndaponda buleki ndi mphamvu zanga zonse. Khooo! Kabokosi ka kutsogolo, kosowa masikuluwu atatu kaja, kagwa konse. Kuseri kwake kwatuluka fumbi, malisiti akale, ndi kapepala kokulungakulunga kamene kagubuduka n'kutseguka pamaluwa a mkwatibwi.

Tadala wakuwa. Mano akumusekerera ali pakati pa maluwa!

Kenako waseka mpaka misozi yawononga zopakapaka za kumaso. Akuti, "Agogo, landirani, mwina mungandilumire mwamuna akavuta."

Choncho a Mbewe anawaponya okha m'kabokosi kodzaza, n'kugwera kuseri. Sindinataye ine! Ndinagwada pa simenti ulele!

Awatsuka ndi madzi a m'botolo pomwepo pamsewu, avala, ayesa: "Tsiku la chisangalalo." Lamveka ngati pawailesi. Kuphwando anawapatsa mphindi zisanu, ayankhula mpaka mpunga kuzizira, Chichewa, Chitswana, Chifanakalo cha kumgodi, zonse. Atswana awomba m'manja, kaya chifukwa chokondwa kaya chifukwa abambo amaliza.

Amayi a kumvano andifunsa kuti mafuta onunkhira amene mkwatibwi wadzola ndi otani, akuwakumbutsa kumudzi.

Lamulungu

Pochoka kutchalitchi ndaima n'kuiyang'ana bwinobwino. Kabokosi kamangidwa ndi liboni ya ukwati. Mpunga umene anthu anawaza uli m'ming'alu monse. Nthenga pagiya. Nyerere zapeza mpando wa thobwa, zikulowa pamzere ngati shifiti ya m'mawa.

Ndawauza a Mbewe kuti kupepesa kwanga kwa Lachinayi andibwezere. Akuti katundu wolandiridwa sabwezedwa, koma andigulira chimanga chootcha pamphambano. Ziwiri, china chawo.

Takhala m'galimoto pansi pa mtengo, zitseko zotsegula kuti fungo lituluke. Akukukuta ndi mano onse, njere zikudumphira uku ndi uku. Imodzi yagwera pa siketi yanga. Ndaitola, ndaiyang'ana, ndayang'ana zenera.

Ndaiponya pansi pa mpando. Nyerere nazo zidye ukwati.