Tsiku limene ndinatsekereza ababa njira

Ine sindikonda kuonekera. M'kalasi ndimakhala kumbuyo, ndipo akandifunsa funso ndimayankha ndikuyang'ana zala zanga. Koma lero Tsangano yense akundidziwa, mpaka amayi ogulitsa nyemba pamsika, ndipo ndikulemba izi bondo lili lomanga nsanza.

Zinayamba ndi ababa. Anati ndisiye sikola ndizikalondera anyani kumunda wathu wa kuphiri, poti ndi nkhondoyi maphunziro sakupita kulikonse. Ndinalira mwakachetechete (kulira mokweza sindikutha). Amayi ndiwo anawachonderera kuti ayambe akaona okha zimene timaphunzira. Anabweradi, atavala jekete la kutchalitchi, n'kukhala pabenchi ya kumbuyo.

Mwatsoka inali nthawi ya fizika. Aphunzitsi athu, a Nikasio, ankaphunzitsa za kondensadoro, kanthu ka mu wailesi kosunga magetsi: tizitsulo tiwiri toyang'anizana, pakati pali chotchinga.

"Kumayiko a anzathu kuli makina otchedwa kompyutadoro," anatero. "Umajambula kondensadoro pagalasi n'kumaonerera ikudzaza. Kuno kompyutadoro ndinuyo. Imirirani!"

Tinasanja matebulo mopingasa, kalasi n'kugawika pawiri, pakati n'kusiya kampata ka munthu mmodzi. Anzanga onse anasanduka magetsi. Zakeyo, mnyamata wamkulu kuposa tonse, anasanduka batire. Ntchito yake inali yokankha anthu kuchoka mbali ya kukhomo, kuwazungulitsa panja, n'kuwalowetsa pazenera kuti aunjikane mbali ya kumbuyo.

"Tsopano tikufuna chotchinga. Chinthu chosayankhula, chosasuntha." Kalasi yonse inatembenukira kwa ine.

Anandiimika pakampata paja, manja tambalale. "Menina, mtsikana iwe, dzina lako ndiwe dieletiriko, ndiye kuti chotchinga. Pasadutse munthu apa mpaka nditanena. Ngakhale kugwe chiyani. Wamva?"

"Ndamva, senyoro pulofesori."

Ndinamvadi. Ndinaganiza kuti ababa akaona ndikugwira bwino ntchitoyi, za anyani zitha. Ndiye ndinaponda pansi mwamphamvu ngati mzati wa nkhokwe.

Zakeyo anayamba kukankha. Mbali ya kumbuyo inadzaza, anthu akupondana, ababa atapanikizidwa pakati chipewa chili m'manja.

"Kodi nanenso ndine magetsi?" anafunsa.

"Amphamvu kwambiri, bambo!" a Nikasio anayankha ali pazenera. "Mukuona? Akamachuluka, kulowa kumavuta. Kondensadoro yadzaza!"

Pomwepo, kumsika: phuu!

Inu amene mumakhala kwabata, dziwani kuti kuno chikaphulika sitifunsa. Miyendo imayamba, mafunso pambuyo. A Nikasio anatulukira pazenera (sindinadziwe kuti munthu wamkulu angapindike chonchija), ndipo Zakeyo powatsatira anakanirira pomwepo, theka mkati theka kunja. Njira yotsala inali ya kukhomo. Ndipo pakati pa khomo ndi anthuwo panali ine.

Ndinkafuna kuthawa, ndikulumbira. Koma m'mutu munkangomveka "ngakhale kugwe chiyani". Woyamba kufika anali ababa.

"Choka, iwe!"

"Pepani ababa, sananene."

"Ndani sananene?"

"Apulofesori."

"Apulofesori akowo ali kuchigwa! Choka!"

"Ndine dieletiriko, ababa," ndinatero misozi ili mbwembwembwe, manja ali chitambasulire.

Zotsatira zake ndinaziona ndili chagada. Ababa anandinyamula m'khwapa ngati mtolo wa nkhuni, magetsi onse anatigunda kumbuyo, tinagwera limodzi, ndipo kalasi yathunthu inadutsa pamwamba pathu. Ababa anandifungatira osandisiya mpaka phazi lomaliza litadutsa. Jekete la kutchalitchi linatsala ndi mkono umodzi.

Kenako zinamveka kuti chinaphulika chija linali gudumu la kamiyau, lole yonyamula mbatata. Anthu anabwerera mmodzimmodzi, akuseka kuseka kuja kwa munthu amene mtima sunakhazikike. Zakeyo anachita kumukoka miyendo. A Nikasio anafika omalizira, chisoso chili mbuu m'thalauza, koma nkhope ili gwa.

"Mwaona? Magetsi akachuluka mopitirira, chotchinga chimabooka. Linali phunziro la sabata yamawa. Lembani."

Pobwerera kunyumba ababa anali patsogolo. Ine ndinkatsimphina pambuyo, ndikutsanzikana ndi sikola mumtima. Titafika, amayi anayang'ana jekete, anayang'ana bondo langa.

"Nanga mwaona zotani, abambo ake?"

"Ndaona," anatero ababa. "Mwana uyu kuphiri angandifere. Kukalira mfuti, iye adzaima ngati chitsa kudikira woti amuuze. Azipita kusikola komweko."

Choncho ndikupitirira ndi sikola, osati chifukwa cha nzeru ayi. Pamsika akumandikuwira kuti "Dieletiriko, tidutse nawo?" Ndalonjeza ababa kuti chikadzaphulikanso ndidzathawa. Kungoti dzulo amayi anandiuza kuti ndidikire pachigayo mpaka abwere, iwo n'kuiwala. Mvula yonse ija inathera pa ine.