Njinga Yamoto Imene Ndinaifukula mu Chulu

Amene akuti ndi bodza anyamuke pompano akakhale uko ndi amayi ogulitsa usipa, chifukwa ine Jailosi Kalinde, mwana wa ku Ntcheu amene ndakalambira mu galaja ya esiteti ya mphira kuno kwa Atonga, sindingakambe nkhaniyi pamaso pa munthu wopinda mlomo. Inu a kabaza mwandanditsa tinjinga tanu pano pa Chintheche, tonse tofanana ngati anapiye, tolira ngati udzudzu, ndiye muziti mumaidziwa njinga yamoto? Khalani pansi. Iwe wachipewa chofiira, zimitsa foniyo.

Kumtunda kwa msika uku kunkakhala mayi wina wokalamba, Ama NyaLongwe. Amuna awo, malemu Ada Chirwa, ankagwira ntchito pa kachipatala nthawi ya atsamunda, n'kumayendera odwala m'midzi pa njinga yamoto. Bambowo atamwalira anakawaika kwawo ku Tukombo, njinga ija anaitsekera m'kanyumba kuseri kwa khola, ndipo panapita zaka zochuluka moti ana amene anabadwa chaka cha malirocho anali atayamba imvi. Mayiwo maso onse awiri anali atachita ng'ala, sankaona ngakhale chikhatho chawo.

Tsiku lina m'dzinja, ine nditangopuma ntchito, anandiitanitsa. Ndinawapeza atakhala pakhonde.

"Mwe uli, Ada Kalinde? Akuti inu ndiye makaniko," anatero atandilonjera m'Chitonga. "Mwana wanga Yotamu waimba foni kuchokera ku Lilongwe. Akuti Loweruka la sabata la mawa akubwera ndi lole ya ogula zitsulo, adzatenge njinga ya abambo ake akaiphwanye. Ine sindikupempha zambiri. Ndimveko kulira kwake kamodzi, indinyamule ndikagwire manda a amuna anga ndi dzanja langali. Mungathe?"

Ine ndinati, "Ama, ndionetseni chitseko."

Nditatsegula chitsekocho sindinapeze njinga ayi, ndinapeza chulu chofika kudenga, pamwamba pake patangotulukira kachogwirira kamodzi ngati nyanga ya ng'ombe yomira m'matope. Ndinakumba ndi khasu masiku awiri, ndipo chiswe chinali chitadya chishalo, chitadya matayala, chitadya mawaya, chitanyambita ndi penti yomwe, make chiswe atamanga likulu m'thanki ya petulo atanenepa ngati kamwana ka mbuzi, pomwe mu ekizozi munali nsato imene inalowamo ili yaing'ono n'kukulira momwemo, moti nditaikoka inatuluka yopindika ndendende ngati paipiyo ndipo mpaka lero ikamayenda imangozungulira malo amodzi. Mukumva?

Koma injini, anthu inu! Nditamasula mabawuti omaliza n'kuvundukula, ndinavula chipewa. M'katimo munali mbee, mopanda ndi kadzimbiri komwe, oyilo ali ngati uchi wongofula kumene, pisitoni imodzi yokha koma yaikulu ngati mtondo wosinjira chinangwa, ndipo nditaikankha ndi chala inatsika pang'onopang'ono n'kupuma, fuu, ngati munthu amene wagona nthawi yaitali akutembenuka. Ine ndatsegula mainjini a mathalakitala, a malole, a zigayo, koma sindinaonepo chitsulo chosulidwa mwaulemu chotero. Ndinakhala pansi pa dothi la chululo n'kumangoiyang'ana mpaka miyendo inachita dzanzi.

Zipangizo zake kunalibe, ngakhale mukanafunsa ku Mzuzu kapena kunja kumene inachokerako, chifukwa amisiri ake onse anafa kalekale. Ndiye ndinati basi, mtima ulipo, thupi ndiumba ndekha, ndipo likhala thupi limene dziko lino silinaonepo. Felemu yakale ndinaidula pakati, n'kuitalikitsa ndi mapaipi a pampu yakufa yothiririra mpunga amene ndinakasenza pamutu kuchokera ku Limphasa, foloko yogwira tayala lakutsogolo ndinaisula kuchokera ku masipuling'i a thalakitala n'kuitambasula mpaka tayala lakutsogolo linkafika pa malo mphindi ziwiri lakumbuyo lisanafike, tcheni ndinachotsa pa chigayo chakale, thanki ndinaumba ndi migolo iwiri ya oyilo n'kuiwotcherera bwinobwino moti munthu ankapesa tsitsi akudziyang'anira pamenepo. Nyali ndinamangirira zitatu za asodzi a usipa, ndipo nditaziyesa masana dzuwa linaoneka ngati kandulo, nkhuku za mudzi wonse zinasokonezeka n'kuikira kawiri tsiku limenelo.

Chishalo chinadzibweretsa chokha. Ndikutsuka magiya kunyanja, ng'ona inavuuka n'kumeza sipanala yanga ya nambala seventini, ine n'kuti iyayi, imeneyo ndiye ndilibe ina, ndinailowetsa dzanja kukhosi, ndinagwira sipanalayo, koma poikoka inakola mchira cham'kati, ng'ona yonse n'kutembenuzika ngati sokosi. Chikopa chake ndicho ndinakutira chishalo cha anthu awiri. Mukuseka chiyani? Chipsera ichi pamkonopa mukuti chinabwera ndi udzudzu?

Matayala ndiye anali ntchito yanga yeniyeni, poti mphira ndakhala nayo moyo wanga wonse. Ndinapempha kapitawo wa ku esiteti kuti nditeme mtengo wakale kwambiri umene anali atausiya, utomoni unatuluka ndowa zisanu ndi ziwiri, ndinauumba m'dzenje lozungulira, n'kuuwamba pa uvuni wa nsomba mpaka unada bii, kununkhira nsomba ya batala yowamba moti amphaka a ku Chintheche konse ankagona pakhomo panga. Tayala loyamba ndinaliyesa poligwetsa pansi Lolemba m'mawa. Linadumpha n'kulowa m'mitambo, ndipo linabwera Lachitatu masana lili lozizira ngati lachokera mu filiji, litanyowa ndi mvula imene inadzagwa Lachisanu.

Loweruka lija linafika, lole n'kuima pakhomo pa Ama NyaLongwe, Yotamu n'kutsika atavala suti, anthu atadzaza bwalo mpaka ena m'mitengo ya mango. Njinga inali itaima pakati, yaitali ngati bwato, yakuda, ikunyezimira, koma chilungamo chake ndinali ndisanailizepo ngakhale kamodzi. Ndinaponda kiki yolizira injini koyamba, inatsokomola n'kulavula ngumbi zodzaza malichero anayi, azimayi n'kuyamba kutola. Ndinaponda kachiwiri, zii.

Yotamu anati, "Bambo, mwayesetsa, koma musawavutitse amayi ndi chiyembekezo. Anyamata, tsitsani zingwe."

Pamenepo Ama NyaLongwe anayankhula ali pakhonde pomwepo: "Ada Kalinde, amuna anga sankaiponda ngati akupha njoka. Ankatsegula kampopi ka petulo theka lokha, n'kuisisita pathanki, n'kuiponda mwaulemu."

Ndinachita momwemo.

Abale anga, kulira kumene kunatuluka pamenepo sindidzakumvanso mpaka tsiku la lipenga. Sikunali kokuwa ayi, kunali kwapansipansi, du, du, du, kolowera kumapazi n'kukwera mpaka m'chifuwa, ndipo mango onse kuyambira pano mpaka ku Kande anagwa nthawi imodzi, akupsa ndi aawisi omwe, chinangwa chimene azimayi anaviika m'madambo chinafewa tsiku lomwelo, belu la kutchalitchi linalira lokha, usipa unadumpha m'nyanja n'kukadziyanika wokha pa mathandala, injini ya lole ija inazima ndi manyazi ndipo sinalirenso mpaka anaikankha. Mukumva? Anthu onse anangoti kukamwa yasa. Mayi aja anaimirira opanda ndodo, msana umene unapindika zaka makumi awiri uli chilili, misozi ikutsika m'maso oyerawo.

"Ndi yomweyo," anatero. "Ndikwezeni."

Anamanga chitenje cholimba, anakhala kumbuyo kwanga pa chikopa cha ng'ona, tinalowa mumsewu wa tala kuloza kumwera. Giya yoyamba, Chintheche yense anali kumbuyo. Giya yachiwiri, chithunzithunzi chathu chinatopa n'kukhala pansi m'mbali mwa msewu, ndipo ndinadzachipeza pobwerera chikudikira pa siteji. Mvula inatsika m'mapiri kutithamangitsa koma sinatikhudze ndi dontho limodzi. Nditaponya giya yachitatu, tinapitirira kulira kwa injini yathu yomwe, n'kukusiya kumbuyo, ndipo kunagwa bata limene sindinalimvepo chibadwire, mitengo ikungodutsa ngati madzi, popanda phokoso lililonse koma kamawu ka mayi wokalamba akuimba nyimbo ya m'buku m'Chitonga kukhutu kwangaku. Ndinaganiza kuti mwina tafa kale osadziwa.

Pa Kande bambo wina anakweza dzanja kutipatsa moni, yankho langa analimva m'mawa mwake akusukusula. Titangopitirira pamenepo tinalowa mu chimtambo cha nkhungu, tizilombo tija timafuka panyanja ngati utsi, ndipo tinatulukira mbali inayo titanyamula pachifuwa chikeke chokhuthala ngati matiresi, chophikidwa kale ndi kutentha kwa injini, chimene anthu a midzi itatu anadya sabata yathunthu.

Ndikupukuta m'maso, ndinaona kutsogolo anthu akukupiza nsalu. Madzi osefukira anali atakokolola mlatho, mtsinje uli thothotho, ukunyamula mitengo ndi mizu yomwe. Ndinaponda buleki, buleki inali itasungunuka kalekale ngati phula.

"Ama, mlatho kulibe!" ndinakuwa.

"Ndiye mukuchepetseranji moto?" anayankha.

Matayala anga aja anagunda mphepete mwa phompho, anafwamphuka, ndipo tinakwera, tinakwera, tinapitirira nkhwazi zikutiyang'ana modabwa, mpaka nyanja yonse inayalika pansi pathu kuchokera tsidya lino kufika tsidya linalo, Likoma ndi Chizumulu zili ngati maungu awiri oyandama, mapiri a ku Usisya ali buluu kumpoto, minda ya mpunga ya ku Limphasa ili ngati mphasa yobiriwira, mabwato ngati nyerere. Kumwambako mphepo inali yakuthwa moti inasenda ng'ala m'maso mwa mayiwo monga umo mumapalira mamba a chambo, tiwiri toyera tinauluka n'kupita.

"Ndikuona! Ada Kalinde, nyanja! Nyanja ndikuiona!"

Tinatera ku Tukombo mofewa ngati tagwera pa thonje, njinga inayenda pang'ono n'kuima yokha pamphepete pa manda, pansi pa mitengo ikuluikulu. Mayi aja anatsika, anayenda okha pakati pa mitumbira popanda wowagwira dzanja, anawerenga dzina la amuna awo pa mwala ndi maso awoawo, anagwada n'kuika chikhatho pamenepo. Kunali zii, ngakhale mbalame. Atagwada choncho, kulira kuja tinakusiya m'njira kunatipeza, kuchokera kumpoto, du, du, du, kunadutsa pamwamba pa mandawo, nthaka n'kunjenjemera, masamba n'kumagwa.

Iwo anasisita mwalawo n'kunena chapansipansi, "Mwaimva, Ada Chirwa? Yabwera."

Ine munthu wamkulu ndinalira ngati mwana, sindibisa. Yotamu anafika patapita masiku awiri, madzi ataphwa. Amayi ake anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kumuuza kuti wanenepa ndipo tayi wake ndi wonyansa. Mwamunayo anagwada pa fumbi ndi suti yomwe, n'kubisa nkhope m'chitenje chawo. Za ogula zitsulo sanazitchulenso.

Zonsezi n'zoona, ndikulumbira pali mayi anga amene agona ku Ntcheu. Pali kanthu kamodzi kokha kamene ndakhala ndikukadumpha zaka zonsezi, ndipo poti ndakalamba ndikanene. Pamene matayala anafwamphuka pamtsinje paja, ine ndinataya zogwirira, ndinatsinzina, ndinayamba Atate Wathu. Mmene tinasinthanirana malo mlengalengamo sindikudziwa. Likoma, Chizumulu, nkhwazi, zonsezo ine sindinaone kanthu, ndinkangomva iwo akundifotokozera. Potera ku Tukombo amene anali kutsogolo atagwira zogwirira anali Ama NyaLongwe, ine ndili kumbuyo nditawakumbatira m'chiuno, ndikuitana amayi anga. Pobwerera anandifunsa ngati ndikwera. Ndinati pitani bwino, Ama, ine ndidikira minibasi.