Ndinalowa Intaviyu ya Lameki

Nkhani iyi ku Glen Norah, komboni imene timakhala kuno kudziko la eni, amaikamba ndikangotembenuka, ndiye bola muimve kwa mwini wake. Ndi yamanyazi. Inu museka, koma ine imandiwawabe mpaka lero.

Ufulu wa dziko lino utangobwera, mafakitale a ku Southerton anayamba kutenga ana athu pa apprenticeship, kuti aphunzire uinjiniya m'malo mongosesa pansi. Lameki, mwana wa malemu mng'ono wanga, anaitanidwa ku intaviyu. Mwayi wotere sunkagogoda kawiri pakhomo la munthu wobwera ngati ife.

Lameki masamu ankakhoza, ndipo mawayilesi a mumsewu wathu wonse ankakonza ndi iye. Koma munthu samuyang'ana m'maso, moni amayankha akafuna, ndipo ukamuuza chinthu amachita ndendende mmene wanenera. Masiku ano madokotala amati autism. Nthawi imeneyo tinkangoti ndi mmene alili.

Mayi ake anabwera kudzandigwadira. "Alamu, mumuperekeze. Akakangoti duu pamaso pa bwana, basi zathera pomwepo."

Ine ndi uja ndayendetsa maukwati ambirimbiri ngati nkhoswe. Kulankhulira munthu ndiye luso langa! Ndinavala suti ndi tayi yofiira. Lameki tayi anakana, ati imamukanda pakhosi.

Titafika, ndinamukhazika pabenchi panja pa ofesi.

"Ukhale pompano. Usasunthe, usayankhe aliyense, mpaka tizipita kunyumba. Zolankhula undisiyire ine."

"Chabwino, bambo aakulu."

Kalaliki anasuzumira pakhomo. "Mbewe!"

Ndinadzambatuka, poti Mbewe ndi dzina la tonse awiri, ndipo wamkulu ndiye amayamba kulowa kukapereka ulemu. Bwana anali mzungu wandevu, wooneka kuti ufuluwu sunamukomere. Anandiyang'ana imvi.

"You know machines?"

"In our family, sir, machine is like porridge!"

Ndisanafike n'komwe pa dzina la Lameki, kalaliki anandiponyera ovolosi. Apa m'pamene ndinazindikira kuti akuyesa wofuna ntchitoyo ndine. Ndikanangonena. Koma ndinene bwanji kuti mwini wake ali panja ndipo ndamuletsa kulankhula? Bwana akanafunsa chifukwa chake. Ndinati mumtima, ndingopirira, ndikakhoza malowo ndimusiyira mwanayo. Ine amene ntchito yanga inali yophika tiyi m'maofesi!

Ovolosi inakana kutseka pamimba. Ananditengera mu workshop, pa makina osemera zitsulo aja amati lathe. Kapitawo anali wa ku Chipata, ndipo anandinong'oneza m'chinenero chathu.

"Madala, izi munazigwirapo?"

"Inu musanabadwe!"

Ndinadina batani lobiriwira. Makina analira. Ndinawerama kuti ndioneke ngati katswiri woyang'anitsitsa, tayi ija n'kukodwa! Inayamba kukulungika, ine ndikuitsatira ngati mbuzi yopita kumsika. Kapitawo anazimitsa makina mphuno yanga itatsala pang'ono kusemedwa, n'kudula tayiyo ndi sizasi yodulira malata. Anthu onse anasiya ntchito kudzaonerera.

"Sir, not me!" ndinakuwa. "My son! Outside!"

Bwana anatuma kalaliki kukamuitana. Anabwerako yekha.

"Alipo pabenchi. Ndamufunsa dzina, sakuyankha. Ndamukodola, sakusuntha."

Ndinathamangira komweko, kachidutswa ka tayi kali lende pakhosi.

"Lameki, tiye ukalowe!"

"Munati mpaka tizipita kunyumba. Tikupita kunyumba?"

"Ayi!"

"Ndiye ndikhala."

"Zija ndinanena zatha!"

"Simunanene kuti zikhoza kutha."

Ndinachonderera, ndinagwada, ndinatchula ndi malemu bambo ake omwe. Pamene ankadzuka, bwana anali atadula kale dzina la Mbewe n'kuitana wina. Ovolosi anandivula pamaso pa atsikana a mu ofesi, mlonda n'kutiperekeza kugeti. Ndinadziwa pomwepo kuti sadzamuitananso, ndipo sanamuitanedi. Uinjiniya wa Lameki unathera pabenchi paja, osagwirako ngakhale sipanala.

M'basi chisoni chinandigwira. Ndinkaganiza za mayi ake, amene ankatidikira pakhomo, kuti ndikawauza chiyani. Lameki anangoyang'ana pawindo ulendo wonse, ndipo ndinayamba kudzitonthoza kuti mwina sanamvetse chimene chachitika. Titayandikira kwathu anatsegula pakamwa, mokweza, basi yonse kumva:

"Bambo aakulu, mwalephera intaviyu yanga."

Abale anga, ukaperekeza munthu uzitsala pageti.